Journal yakana pepala langa pa chifukwa chomwe si choona: ndichite apilo kapena ndingopita kwina?

Nabanda_wa_kunyanja walemba:

Moni akuluakulu nonse a m'gulu lino. Ndakhala ndikungowerenga zanu mwakachetechete, koma lero ndabwera ndi langa, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kafukufuku wa digiri yanga yachiwiri ndinachita pa likodzo pakati pa ana a sukulu za pulayimale za m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Sindikunena likodzo lokodza magazi lija lomwe aliyense kwathu kuno amalidziwa, koma la m'matumbo, la Schistosoma mansoni. Tinkafika pasukulu m'mamawa belu lisanalire, n'kupatsa mwana aliyense timabotolo tiwiri, ka mkodzo ndi ka chimbudzi. Mkodzo tinkauyeza pompo ndi kachipangizo ka CCA, kaja kamatulutsa mzere ngati koyezera malungo. Chimbudzi tinkapita nacho ku labu kukapanga ma slide a Kato-Katz, kenako n'kukhala pa maikulosikopu kuwerenga mazira mpaka maso kuwawa. Makolo ena poyamba ankakana, amati chimbudzi cha mwana tikufuna kukachita nacho chiyani, ndipo zinatengera mafumu ndi aphunzitsi aakulu kuti atimvetse.

Pepala ndinalitumiza ku journal ina ya kunja, dzina sinditchula. Lakhalako miyezi 7. Miyezi 3 yoyambirira ndikatsegula pa kompyuta pankangolembedwa kuti "With Editor", kutanthauza kuti lili kwa mkonzi, osasuntha. Ndinalemba maimelo awiri ofunsa, sanandiyankhe ngakhale imodzi. Lachiwiri lapitali ndi pomwe kalata yafika: alikana, ndipo sanapereke mpata woti ndikonze n'kutumizanso.

Ounika, akatswiri omwe journal imawapatsa pepala kuti aliweruze, analipo awiri. Woyamba walemba masamba awiri, mwaulemu, ndipo mafunso ake ndi omveka, makamaka pa momwe tinawerengera zotsatira za CCA. Wachiwiri walemba ndime imodzi yokha. Akuti zomwe tapeza sizingakhale zoona chifukwa kumwera kwa Nyanja ya Malawi kulibe nkhono za mtundu wa Biomphalaria zomwe zimafalitsa likodzo la m'matumbo, ndiye kaya anawo anakatenga matendawa kwina, kaya labu yathu inalakwitsa. Pomaliza wati tipeze munthu wa ku yunivesite ya ku Ulaya ationerenso zotsatira zathu pamodzi ndi Chingelezi chathu. Mkonzi naye m'kalata yake watenga nkhani ya nkhonoyo ngati chifukwa chachikulu chokanira.

Koma abale anga, nkhonozo zilipo. Biomphalaria pfeifferi inapezeka ku Mangochi mu 2017, ndipo nkhaniyo inasindikizidwa mu journal ya Emerging Infectious Diseases mu 2019. Ndinaitchula m'pepala langa, patsamba 4. Ine ndemwe ndazitolapo ndi sefa m'madzi osaya pomwe ana amasambira, zigoba zake zathyathyathya zozungulira ngati batani la malaya, zosiyana kutali ndi Bulinus, nkhono zofalitsa likodzo lokodza magazi.

Supavaiza wanga akuti ndisataye nthawi, ndingotumiza kwina. Mtima wanga ukukana, chifukwa zikukhala ngati ndavomera kuti tinanama. Ndiye ndikufunsa inu amene munadutsamo: apilo ku journal imaphula kanthu? Amailemba bwanji? Nanga mawu achipongwe aja ndi maimelo osayankhidwa aja, ndiziike m'kalata yomweyo?

Gogo_Mkonzi ayankha:

A Nabanda, pepani ndi zomwe zakuonekeranizi. Ndinakhalapo mmodzi mwa akonzi a journal ina ya zaumoyo kwa zaka zingapo ndisanapume, ndipo makalata a apilo ndawerengapo ambiri ndithu. Ndikuuzani zomwe ndinkaona ndili mbali inayo ya tebulo.

M'nkhani yanuyi muli milandu iwiri, ndipo mukaiphatikiza m'kalata imodzi mudzaluza yonse. Wina ndi wa chigamulo: alikana pepala pa mfundo yolakwika. Umenewu ndiye wa apilo. Wina ndi wa kachitidwe ka zinthu: kukusungani miyezi 7, kusayankha maimelo, ndi kulola mawu onyoza a wounika kufika kwa inu osawachotsa. Limeneli ndi dandaulo, ndipo kawirikawiri limapita kwa munthu wina, mkulu wa akonzi kapena ofesi ya kampani yosindikiza. Apilo imati "munalakwitsa pa sayansi, onaninso." Dandaulo limati "simunatsate ndondomeko yanu yomwe." Dandaulo likhoza kukupezerani chipepeso koma pepala n'kukhalabe lokanidwa. Apilo ikhoza kutsegulanso chitseko popanda wina kukupepesani. Dzifunseni chomwe mukufuna kwambiri.

Pa ma apilo omwe ndinkalandira, ochuluka ankanena chinthu chimodzi m'mawu osiyanasiyana: ntchito yathu ndi yofunika kwambiri, tinavutika nayo, ounika anu sanaimvetse. Amenewa sindinkachedwa nawo. Osati chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa munalibe choti ndigwire. Kufunika kwa pepala ndi chiweruzo cha mkonzi, ndipo ali ndi ufulu wonena kuti ili silikugwirizana ndi journal yathu ngakhale lilibe cholakwika chilichonse. Journal ya Nature inabweza pepala la wasayansi Hans Krebs mu 1937, iye n'kukalisindikiza mu journal ya Enzymologia, ndipo ntchito yomweyo ndi imene inam'patsa mphoto ya Nobel mu 1953. Kukanidwa kwa mtundu umenewo sikuchitidwa apilo, umangonyamula katundu wako.

Koma yanuyi ndi ina. Wounika wanena chinthu choti munthu angathe kutsegula buku n'kuona kuti si choona, ndipo mkonzi wakhazika chigamulo chake pa chinthu chimenecho. Apa ndiye pomwe apilo imagwira ntchito. Ndikanakhala ndidakali pampando, kalata yotere ikanandiimitsa, chifukwa palibe mkonzi amene amafuna kuti zidzadziwike kuti anakana pepala potengera zomwe zinali zoona zaka makumi apitawo.

Mumvetsenso momwe zinthuzi zimachitikira, kuti mkwiyo uchepe polemba. Akonzi ambiri a ma journal a sayansi ndi aphunzitsi a pa yunivesite ngati inu nomwe, amachita ntchitoyi usiku atatopa, ena osalipidwa n'komwe. Miyezi 3 ija ya "With Editor" mwina munthuyo ankapempha ounika mmodzimmodzi, onse akukana. Ine ndinapemphapo anthu oposa 10 kuti ndipeze awiri. Ukafika pamenepo umalandira aliyense wovomera, ngakhale amene anasiya kutsata za Malawi kalekale. Ndemanga zikabwera, imodzi n'kunena motsimikiza kuti izi n'zosatheka, mkonzi yemwe sadziwa nyanja yathu amangokhulupirira. Sindikumuikira kumbuyo, anayenera kufufuza, makamaka poti munatchula umboniwo m'pepala. Koma muzilemba ngati mukuthandiza munthu wotanganidwa kuona chomwe chinam'pitirira, osati ngati mukum'zenga mlandu pabwalo.

Kalatayo isapitirire tsamba limodzi ndi theka. Nambala ya pepala ikhale pamwamba. Ndime yoyamba inene kuti mukupempha kuti chigamulo chiunikidwenso chifukwa chinatsamira pa mfundo yolakwika. Kenako kopani mawu a wounika wachiwiri momwe alili, pansi pake ikani umboni: pepala la 2019 lija, ena omwe atuluka pambuyo pake onena za dera lomwelo, ndi mzere weniweni wa m'pepala lanu pomwe munatchula zimenezi. Ngati muli ndi zithunzi za nkhono zomwe munatola ndi malo ake pa GPS, ziikeni. Pempho lanu likhale loti apeze wounika wina wodziwa za likodzo la kuno. Musapemphe kuti alilandire pepalalo, palibe mkonzi angalumphe kuchoka pokana kufika polandira.

Tsopano pali china chomwe mwina simukondwa nacho. Mwati wounika woyamba wafunsa za CCA. Funso limenelo musalione mopepuka. Mukudziwa kuti kamzere kosaoneka bwino kaja, komwe timati trace, kamavutitsa anthu ponseponse. Ukakawerenga ngati matenda, chiwerengero chimakwera kwambiri, ndipo ena mwa anawo alibe kanthu. Ukakataya, umasiya ana ena omwe ali ndi mazira ochepa amene Kato-Katz nayo siwaona. Ngati munaphatikiza ma trace onse ngati odwala osasonyeza mbali inayo, wounika woyamba ali ndi mfundo, ndipo mkonzi akhoza kuyankha apilo yanu kuti chabwino, za nkhono talakwitsa, koma pepala likugwabe pa ichi. Choncho m'kalata yomweyo muvomere poyera kuti ndemanga za wounika woyamba ndi zothandiza, ndipo munene mwachidule momwe mukonzere. Apilo yomwe imati ounika onse alakwitsa pa chilichonse sindinkaikhulupirira. Yomwe imati uyu wanena zoona, tikonza, koma uyu walakwitsa apa, umboni ndi uwu, ndinkaiwerenga kawiri.

Musatumize sabata ino. Lembani, igone masiku atatu, wina aiwerenge. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inu mukudziwa bwino kuposa ine.

NaJere_Laibulale ayankha:

Achemwali, ine ndimagwira ntchito mu laibulale ya pa koleji ina, ndipo aphunzitsi amabwera pa desiki yanga ndi nkhani ngati zimenezi pafupipafupi. A Gogo anena zambiri, ine ndingowonjeza za komwe mungagogode.

Musanalembe chilichonse, tsegulani tsamba la journal imeneyo, pitani pa malangizo a olemba, sakani mawu oti "appeals" kapena "complaints". Bungwe la akonzi a ma journal a zachipatala la ICMJE limanena m'malangizo ake kuti journal iyenera kufotokoza poyera njira yake ya apilo ndi kukhala ndi dongosolo loyankhira madandaulo. Ndiye ngati ndi journal yolongosoka, mupeza adiresi yake, nthawi yomwe amapereka, ndiponso ngati pali fomu. Tsatirani zomwe alembazo ndendende. Ambiri amalola apilo imodzi yokha pa pepala limodzi, ndipo yankho lake limakhala lomaliza. Ambirinso amanena mosabisa kuti ma apilo amawaona pambuyo pa mapepala atsopano, ndiye musadabwe mukadikira masabata angapo.

Onaninso ngati journal yo ndi membala wa COPE, bungwe loona za chilungamo pa kusindikiza kafukufuku. Bungwe limeneli linayamba mu 1997 ku Britain ndi kagulu ka akonzi a ma journal a zachipatala, ndipo lero lili ndi mamembala dziko lonse. Anthu ambiri amaganiza kuti COPE ndi khoti lalikulu la apilo, koma ayi. Sangauze mkonzi kuti alandire pepala lanu, ndipo salowerera pa mkangano wa sayansi. Chomwe amaona ndi chakuti membala wawo watsata ndondomeko yoyenera kapena ayi, ndipo amayembekeza kuti mwayamba mwadandaula ku journal ndi ku kampani yosindikiza musanafike kwa iwo. Ndiye ngati mutachita apilo n'kukhala miyezi osayankhidwa, mwalembera mkulu wa akonzi ali chete, mwalembera kampani ili chete, apo ndiye COPE imalowa. Sungani imelo iliyonse ndi tsiku lake. Ma journal ena ali ndi munthu wapadera womva madandaulo. The Lancet inakhazikitsa ombudsman wake mu 1996, koma nayenso amaona za kuchedwetsa, mwano ndi kuphwanya ndondomeko, osati kusintha chigamulo cha mkonzi pa pepala.

Za mawu aja oti mupeze munthu wa ku Ulaya, ine zandipweteka ngati ananena kwa ine. Kunena kuti Chingelezi chikonzedwe n'kololedwa, ngakhale wounika wabwino amasonyeza ziganizo zomwe sizikumveka. Koma kunena kuti zotsatira za labu ya ku Malawi sizingakhulupirike mpaka mzungu aziyang'ane, chimenecho si chiweruzo cha sayansi. Ndipo si inu oyamba. Mu 2015 Fiona Ingleby ndi mnzake Megan Head anatumiza pepala ku journal ya PLOS ONE, wounika n'kuwalangiza kuti apeze amuna mmodzi kapena awiri oti alembe nawo. Anachita apilo, yankho linachedwa, Ingleby anaika mawu a wounikayo pa Twitter. Journal inapepesa, inachotsa wounikayo pa mndandanda wake, inapempha mkonzi yemwe anayendetsa pepalalo kuti atule pansi udindo, ndipo pepalalo linapita kwa mkonzi wina. Sindikukuuzani kuti muthamangire pa Facebook, chifukwa ma journal ena amatenga ndemanga za ounika ngati zachinsinsi, komanso inu mukungoyamba kumene ntchito. Ndatchula nkhaniyi kuti mudziwe kuti mawu otere ndi chifukwa chokwanira cha dandaulo, ndipo akonzi amadziwa zimenezo.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili. Apilo ikakhala ili m'kati, pepala lanu limatengedwa kuti lidakali m'manja mwa journal imeneyo. Musalitumize kwina nthawi yomweyo. Ndinaonapo mphunzitsi wina atachita zimenezo poganiza kuti akupulumutsa nthawi, apilo inatheka, journal yachiwiri nayo inali italitumiza kale kwa ounika, ndipo zinam'vuta kufotokoza. Mukatopa kudikira, lembani kalata yochotsa apilo, alandire, ndiye mupite kwina.

Mukamasankha kwina, musaiwale Malawi Medical Journal. Imapezeka pa PubMed ndi pa African Journals Online, masamba a pa intaneti osakira mapepala a kafukufuku, aliyense amaiwerenga ulere, ndipo kumeneko palibe angakuuzeni kuti ku Mangochi kulibe nkhono. Ngati mukufuna ya kunja, funsani kaye za ndalama yosindikizira. Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zimenezi zafika poti munthu payekha sangazikwanitse, koma makampani ambiri amakhululukira olemba a m'maiko omwe ali pa mndandanda wa Research4Life, pologalamu yothandiza ofufuza a m'maiko osauka, ndipo Malawi alipo. Pemphani potumiza pepala, osati litalandiridwa kale. Ndipo maimelo aja obwera okha olonjeza kusindikiza m'masiku 5, afufuteni. Munthu akakhumudwa ndi kukanidwa ndi pomwe amagwa m'manja mwa amenewo.

Mbewe_ku_Joni ayankha:

Alongo, ine ndisiyana pang'ono ndi akuluakuluwa. Supavaiza wanu sanalakwitse.

Ndikuchita PhD kuno ku South Africa, ndipo chaka chatha ndinachita apilo pa nkhani yofanana ndi yanu, wounika anawerenga tebulo langa molakwika, anasokoneza mizere iwiri. Ndinalemba mwaulemu monga a Gogo anenera. Patapita miyezi 3 anandiyankha kuti avomera kuliunikanso. Ndinasangalala. Analitumiza kwa wounika watsopano, miyezi ina 2, ndipo iye anapeza zifukwa zake zatsopano zolikanira. Miyezi 5 inapita, ndalama ya sukulu ikutha, ndipo pepala lomwelo linakalandiridwa kwina nditangokonza pang'ono. Apilo kutheka sikutanthauza kuti pepala lalandiridwa, kumangotanthauza kuti mwabwerera pamzere.

Inu mwataya kale miyezi 7. Zotsatira zanu ndi za ana amoyo, omwe akusambabe m'madzi omwewo. Anthu oyendetsa ntchito yogawa praziquantel, mankhwala a likodzo, m'sukulu akufunika kuziona chaka chino, osati chaka cha mawa. Kwa ine chimenecho chikulemera kuposa kuti wounika wosadziwika avomere kuti analakwa, chomwe mwina sadzachita n'komwe.

Kaya musankha chiyani, ikani pepalalo pa medRxiv, tsamba la pa intaneti loikapo mapepala a zaumoyo asanaunikidwe, mutaona kaye kuti journal yomwe mukufuna imalola. Yakhalapo kuyambira 2019, ndi yaulere, ndipo pepala limakhala ndi tsiku ndi DOI yake, nambala yolizindikirira pa intaneti. Ndikunena izi chifukwa pepala lanu laonedwa ndi anthu omwe simukuwadziwa. Ounika ambiri ndi okhulupirika, ndipo malamulo amawaletsa kugwiritsa ntchito zomwe awerenga, koma zinachitikapo. Michael Dansinger wa ku Tufts ku Boston anatumiza pepala ku Annals of Internal Medicine, linakanidwa mu 2015, kenako anadzapeza ntchito yake itasindikizidwa mu journal ina pa maina a anthu ena, ndipo mmodzi mwa iwo anali yemwe anaunika pepala lake. Pepala lobedwalo linachotsedwa, ndipo Annals inasindikiza kalata yake yopita kwa wakubayo mu 2016. Sindikunena kuti wounika wanu ndi wotero. Ndikungoti tsiku lolembedwa poyera limateteza munthu wopanda dzina lalikulu ngati ife.

Dandaulo la mawu achipongwe lokha ndiye lembani, ngakhale mutapita kwina. Limenelo silikumangani manja.

Nabanda_wa_kunyanja ayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kangapo. A Gogo, mwandigwira penipeni. Ma trace tinawawerenga ngati odwala, ndipo tebulo losonyeza mbali inayo ndinalichotsa pofuna kuchepetsa mawu. Lilipo pa kompyuta. Usiku wathawu ndalitsegulanso, ndipo ngakhale titachotsa ma trace onse, ana omwe tinawapeza ndi mazira enieni pa slide alipobe, ndipo ambiri mwa iwo makolo awo anatiuza kuti sanagonepo kunja kwa boma la Mangochi. Ndiye nkhani yaikulu siikusintha, koma ndikuvomera kuti wounika woyamba ananena zoona.

Achemwali a ku laibulale, ndapeza tsambalo. Ndi membala wa COPE, apilo amalola imodzi, ndipo akuti ipite ku ofesi ya akonzi osati kwa mkonzi yemwe anagamula. Achimwene a ku Joni, mawu anu okhudza ana aja andilasa mtima. Lipoti lalifupi ndinapereka kale ku ofesi ya zaumoyo ya boma titangomaliza, koma ndikudziwa kuti pepala losindikizidwa limamveka kutali.

Ndatsala ndi mafunso awiri. Olemba tilipo anayi, ndipo supavaiza sakufuna apilo. Ine ndine amene ndimalemberana ndi journal. Kodi ndingatumize ndekha? Chachiwiri, m'kalata yomwe ndayamba kulemba ndaikamo chiganizo choti wounika wachiwiri akuoneka kuti sanawerenge pepala lonse ndipo ali ndi tsankho pa ofufuza a ku Africa. Ndi zomwe ndikukhulupirira. Ndichisiye?

Gogo_Mkonzi ayankha:

Mayi, musatumize nokha. Pepalalo ndi la anthu anayi, ndipo inu mumalemba m'malo mwa onse. Makina ambiri a ma journal amatumiza uthenga kwa olemba onse pakachitika chilichonse. Supavaiza wanu akadzaona imelo yoti apilo yalandiridwa iye asakudziwa, mudzakhala mwaononga ubale womwe mudzaufune kwa zaka zambiri, ndipo akangolembera mkonzi kuti iye sakugwirizana nazo, apilo yathera pomwepo. Pitani mukakhale nawo pansi. Musapite ndi mkwiyo, pitani ndi kalata yolembedwa kale, pepala la 2019 lija, ndi tebulo la ma trace. Akuluakulu ambiri amakana apilo chifukwa anaonapo zambiri zopanda mutu, koma akaona tsamba limodzi la umboni amasintha. Muwauzenso malire: tikapanda kumva kanthu pofika masabata 6, tichotsa apilo n'kupita kwina. A Mbewe anena zoona kuti nthawi ndi yodula, ndipo malire otere amayankha nkhawa yawo ndi ya supavaiza yomwe. M'masabata amenewo musakhale manja lende, konzani pepala motsata wounika woyamba, kuti kaya yankho libwera lotani mukhale ndi pepala labwino kuposa loyamba. Akakanabe supavaiza, mverani, tumizani kwina, ndipo ndime ya nkhono ija muikulitse kuti wina asadzaiphonyenso.

Chiganizo chija chichotseni mu apilo. Mwina mukunena zoona, ine sindikutsutsa. Koma simungasonyeze umboni wa zomwe zili mumtima mwa munthu, ndipo mukangolemba mawu oti tsankho, mkonzi amasiya kuganiza za nkhono n'kuyamba kuganiza zoteteza journal yake. M'malo monena kuti sanawerenge, lembani kuti umboni wa kupezeka kwa Biomphalaria pfeifferi ku Mangochi watchulidwa patsamba 4, mzere wakutiwakuti, ndipo ndemanga ya wounika sinaukhudze. Mkonzi adzaona yekha tanthauzo lake.

Mawu a ku Ulaya aja apite m'kalata yachiwiri, kwa mkulu wa akonzi, ndipo ine ndikanadikira kuti apilo iyankhidwe kaye. Mmenemonso musamutche munthuyo dzina lililonse. Kopani chiganizo chake momwe chilili, nenani kuti sichikuloza cholakwika chilichonse m'njira zomwe munatsata, ndipo funsani ngati ndemanga yotere ikugwirizana ndi malangizo omwe journal imapereka kwa ounika ake. Onjezani masiku omwe munatumiza maimelo awiri aja. Ndili mkonzi ndinalandirapo kalata yotere kuchokera kwa namwino wina wa pachipatala cha kumudzi. Ndinabwerera ku ndemanga yomwe ndinali nditaitumiza ndekha osaiwerenga bwino, ndinachita manyazi, ndinam'pepesa, ndipo wounika ameneyo sitinam'tumizirenso pepala.

Nabanda_wa_kunyanja ayankha:

Ndamva, bambo. Chiganizo chija ndachichotsa, kalata yatsala tsamba limodzi ndi mizere 6. Supavaiza avomera kuti tikumane Lolemba 10 koloko ku ofesi kwawo, ndipo anzathu awiri aja ndawatumizira kale kuti aiwerenge. Mnzanga wa ku labu wapeza zithunzi za nkhono zomwe tinajambula pa mbale yoyera ija tili kunyanja, tsiku ndi malo zikuoneka bwinobwino. Achemwali a ku laibulale, ndikulemberani kumbali kuti mundithandize kusaka mapepala ena a ku Mangochi omwe atuluka kuchokera 2019, ndisasiyeko ngakhale limodzi.